Zaka 64 ali phungu: zinatheka bwanji kwa Fred Risser?

Wina mwa owerenga athu watilembera pa imelo kuti: "Ndamva kuti ku America kunali phungu amene anakhala pampando zaka zoposa 60. Nanga si kuja amati mtsogoleri asapitirire materemu awiri?"

Mwamva zoona, ndipo munthuyo ndi Fred Risser wa chipani cha Democratic m'chigawo cha Wisconsin. Koma lamulo la materemu awiri limene mukunenalo ndi la pulezidenti wa dziko lonse. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo ndipo chimadziikira malire chokha. California ndi Michigan salola phungu kupitirira zaka 12. Wisconsin ilibe malire otere: anthu akamakuvoterabe, iwe nkumangokhalabe.

Nyumba ya ku Wisconsin ili pawiri. Assembly ili ndi aphungu 99 osankhidwa zaka ziwiri zilizonse, pomwe Senate ili ndi maseneta 33 a teremu ya zaka zinayi. A Risser, amene anabadwa mu 1927 ndipo anali msilikali wa pamadzi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, analowa Assembly mu 1957, nasamukira ku Senate mu 1962, nkudzapuma mu Januwale 2021 ali ndi zaka 93. Palibe phungu wa chigawo m'mbiri ya America amene anawaposa.

Chinawathandiza kwambiri ndi dera. Ankaimira Madison, likulu la chigawochi komanso kwawo kwa yunivesite yayikulu, kumene chipani cha Republican sichinunkha kanthu pa chisankho. M'dera lotere mpikisano weniweni umakhala pa mapulaimale, ndipo woyamba kumene amavutika kugwetsa munthu amene dzina lake aliyense akulidziwa. Dzinalo linali lakale ndithu, poti bambo awo, agogo awo ndi agogo a mayi awo onse anakhalapo m'nyumba yomweyo.

Musaganize kuti kukhalitsa ndiye mphamvu. Upulezidenti wa Senate, umene a Risser anaugwira kangapo, umapita ku chipani chimene chili ndi mipando yambiri, ndipo chipani chikaluza nawonso umachoka. Chimene wokhalitsa amatsala nacho ndi kudziwa malamulo oyendetsera nyumba. Izi zinaoneka mu Febuluwale 2011, bwanamkubwa Scott Walker atabweretsa bilu yochepetsa mphamvu za mabungwe a anthu ogwira ntchito m'boma. Bilu yokhudza ndalama imafuna maseneta 20 m'chipinda kuti voti ichitike, koma a Republican analipo 19. Maseneta onse 14 a Democratic, a Risser ali pomwepo ndi zaka zawo 83, anawolokera ku chigawo choyandikana nacho cha Illinois kumene apolisi a Wisconsin sakanatha kukawatenga. Njirayo inagwira pafupifupi milungu itatu basi. A Republican aja anachotsa ndime za ndalama m'bilumo, chiwerengero chofunika chinatsika, ndipo anaidutsitsa eni kukana kulibe.

Pamene zaka zambiri zinapinduladi ndi pa nkhani ya fodya. A Risser analimbana nayo kwa nthawi yaitali, mabilu akugwa iwo nkumabweretsanso, mpaka mu 2009 lamulo loletsa kusuta m'malo ogwirira ntchito, m'malesitilanti ndi m'mabala linadutsa, nkuyamba kugwira ntchito mu Julaye 2010. Phungu wololedwa zaka 12 zokha akanachoka nkhaniyi isanapse.