Yankho kwa achimwene: njinga yopalasa chotsamira ija ku London

Eee achimwene, ndamva funso lanu, loti njinga yopalasa chotsamira ija, amati recumbent, yomwe mumakhala pampando wotsamira miyendo ili kutsogolo, mungamapitire kuntchito kumeneko ku London poti chishalo wamba chikukupwetekani msana. Zimatheka ndithu, koma nkhani yagona pa kuona ndi kuonedwa, osati liwiro ayi.

Choyamba, musagule yotsika kwambiri ija ya mpikisano. Pezani yomwe mpando wake uli masentimita 55 kapena 60 kuchoka pansi, kuti maso anu azilingana ndi a dalaivala wa galimoto yaing'ono. Zambiri zotere zimakhala ndi tayala la mainchesi 20 kutsogolo ndi 26 kumbuyo, monga za kampani ya HP Velotechnik ya ku Germany zija. Ya matayala atatu siigwa msanga, inde, koma ndi yotambalala pafupifupi masentimita 80, ndiye pamzere wa magalimoto mudzangoima nawo limodzi.

Tsono pamphambano ndi pamene pali vuto. Miyendo imatsogola, maso ali kumbuyo pafupifupi mita yathunthu. Ngati m'mbali mwaimikidwa magalimoto, mapazi anu alowa kale mumsewu inu musanaone chimene chikubwera. Ndiye muziima, tsitsani phazi, dzukani pampando musuzumire, kenako muzipita. Kucheuka nakonso n'kovuta chifukwa msana wagona pampando, choncho galasi n'lofunika, makamaka la kumanja. Mukaika awiri ndi bwino koposa.

Za malole ndi mabasi mumvetsetse bwino. Musamalowe kumanzere kwa lole pamaloboti, olo mpata uoneke waukulu bwanji. Dalaivala ali pamwamba, inu muli pansi, sakukuonani, ndipo akamakhotera kumanzere matayala akumbuyo amadula kona. Khalani kumbuyo kwake. Magalimoto oimikidwa muziwatalikira mita imodzi, kuopa chitseko. Highway Code (malamulo a pamsewu a ku Britain) ya 2022 imauza madalaivala kuti azisiya mita 1.5 podutsa njinga, koma musadalire zimenezo, pamsewu wopanikizika yendani pakati pa leni. Kambendera kumbuyo kamathandiza, komabe nyali ndiye zenizeni: yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, usiku ndi lamulo. Yofiirayo muimange pamwamba pa mpando, pomwe dalaivala angaione.

Ponyamuka ndi pomwe ambiri amagwa. Musanaime pamaloboti, tsitsiranitu giya kukhala yopepuka. Pedulo limodzi likhale pamwamba, gwirani buleki, kenako isiyeni n'kukankha mwamphamvu kamodzi, phazi linalo likwere msanga, maso patsogolo osati pamapazi. Manja akhale omasuka, mukakakamira handulo njinga imayenda njokanjoka. Ikakhala ndi magiya a mkati mwa habu, ngati Shimano Alfine, mumasintha giya mutaima, ndiye m'tauni ndi yabwino zedi. Pokhota pang'onopang'ono chidendene chimagunda tayala lakutsogolo, choncho lekani kupalasa, mwendo wa mbali yomwe mukukhoterayo muuwongole.

Paja simungaimirire pamapedulo. Dzenje lililonse limafika kumsana, ndiye ikani matayala onenepa, mamilimita 40 kapena 50, ndipo musapope mpaka gwa. Pachitunda musakankhe ndi mphamvu zonse mutatsamira mpando, mawondo amatha. Giya yopepuka, miyendo izizungulira mofulumira, ka 80 kapena 90 pamphindi. Masabata oyambirira ntchafu zidzawawa chifukwa minofu yake ndi ina, zimenezo zisakudabwitseni.

Tcheni ndi lalitali, pafupifupi matcheni wamba atatu olumikiza, ndipo limadutsa m'timapaipi ndi pakagudumu pansi pa mpando. Mukamva phokoso lachilendo, yambani mwaona pamenepo. Chitsulo chonyamula mapedulo chimasunthika kuti chigwirizane ndi mwendo wanu, bondo lizipindika pang'ono pedulo likafika kutali. Mukachisuntha kwambiri, tcheni nalo lionjezedwe kapena lidulidwe, apo ayi magiya amadumpha.

Mvula imakhazikika pamimba ndi pachifuwa, ndiye jekete ikhale yotseka bwino zipi. O, ndi foni, musaike m'thumba la buluku, imagwa mumsewu inu osamva. Chikwama cha kumsana n'chosatheka, katundu apite m'zikwama za pakaliyala.

Musanalipire muyeze pomwe muzikaisunga kunyumba ndi kuntchito, chifukwa imalemera makilo 15 mpaka 18 ndipo pamasitepe siikhota bwino. Mukagula, yambirani pamalo oimika magalimoto opanda anthu, kenako Lamlungu m'mawa muyende njira ya kuntchitoyo yonse musanayese Lolemba.