Batani lapendekeka, koma mawu nawonso apendekeka

Mchimwene wina wanditumizira imelo. Akuti anaika transform: skewX(20deg), lamulo la CSS (chinenero chokonzera maonekedwe a webusayiti) lopendeketsa chinthu ndi madigiri 20, pa batani la webusayiti yake kuti lioneke lopendekeka, koma mawu a m'kati mwake apendekeka nawo, ndipo pa foni tsamba layamba kusuntha cham'mbali ukalikhudza. Akufuna kudziwa pamene pavuta.

Achimwene, skewX imagwira ntchito chomwecho. Ikapendeketsa bokosi, zonse zili m'katimo zimapendekeka limodzi, kaya ndi mawu kaya chithunzi. Ambiri amaika mawuwo mu span, kachikuto ka HTML kokutira mawu, n'kuipatsa skewX(-20deg) kuti awongoke. Zimatheka ndithu, bola spaniyo muipatse display: inline-block, chifukwa transform sigwira pa span ya inline, yomwe imangoyenda mumzere ngati mawu wamba. Mukaiwala pamenepa mudzakanda mutu mpaka madzulo.

Ineyo njira imeneyi sindiikonda kwenikweni. Ndimapendeketsa chakumbuyo chokha. Batani lipatseni position: relative ndi isolation: isolate. Kenako pangani ::before, kabokosi kowonjezera komwe CSS imapanga m'kati mwa batanilo, yokhala ndi content: "", position: absolute, inset: 0, mtundu womwe mukufuna, z-index: -1, ndipo skewX muiike pamenepo. Mawu sakhudzidwa n'komwe. Isolation ija ndi yoti ::before isakabisale kuseri kwa tsamba lonse.

Dziwaninso kuti 20deg imakankhira mutu wa bokosi kumanzere. Ngati mukufuna kupendekeka kwa malemba a italic, lembani -20deg.

Tsopano za foni zija. Kutalika kwa bokosi mukachulukitsa ndi tan ya ngodya (tangent ya m'masamu), mupeza mtunda womwe pamwamba ndi pansi zasiyanira. Tan ya madigiri 20 ndi pafupifupi 0.364. Ndiye bokosi lotalika 100px (px ndi muyeso wa pa sikirini) limasiyana 36px, ndipo popeza transform-origin, malo omwe kupendekekako kumayambira, imakhala pakati mukapanda kuisintha, 18px imatulukira mbali iyi, 18px mbali inayo. Pa batani laling'ono si nkhani. Koma chikwangwani chodzaza sikirini, chotalika 300px, chimatulukira pafupifupi 55px mbali iliyonse. Msakatuli, pulogalamu yotsegulira mawebusayiti, sasuntha zinthu zoyandikana nazo kuti apereke malo, amangojambula mopyola malire, ndipo mbali yotulukira kumanja ndi imene imakokera tsamba cham'mbali.

Ikani overflow: hidden, yomwe imabisa zotulukira kunja, pa bokosi lomwe lasunga chinthu chopendekekacho. Komabe pa chikwangwani chachikulu chotere ine ndikanasiya skewX n'kudula m'mbali ndi clip-path: polygon(), yomwe situlutsa kanthu kunja kwa bokosi.