Bala la chipolopolo musaliyeze ndi maso

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuphunzira unamwino. Akuti anaona odwala awiri owomberedwa pantchafu, onse timabowo take tating'ono. Wina anatuluka m'chipatala pasanathe sabata, mnzake anadulidwa mwendo. Funso lawo ndi loti zasiyana pati, ndipo kodi zovala zochindikala sizikanamuteteza wachiwiriyu?

Achemwali, kabowo ka pakhungu n'konama. Nkhani yonse ili m'katimo.

Tiyambe ndi liwiro. Chipolopolo cha pisitolo ya 9mm chimathamanga mamita pafupifupi 350 pa sekondi, cha AK-47 kupitirira pang'ono 700. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Koma chovulaza ndi mphamvu imene yatsala m'thupi, osati imene yatulukira kuseri. Chipolopolo chikamadutsa chimaboola njira yakeyake, komanso chimakankhira mnofu m'mbali, n'kupanga mphako yaikulu imene imatsekeka nthawi yomweyo. Mnofu umatamuka n'kubwerera, ngakhale umatsala wosupuka. Fupa silidziwa kutamuka. Limatha kuthyoka chipolopolo chitangodutsa pafupi osaligunda.

Apa ndi pamene odwala anu awiri aja angakhale anasiyanira. Chipolopolo chosongoka chimalowa cholunjika, kenako chimayamba kupendama n'kutembenuzika. Dokotala wa asilikali a ku America, Martin Fackler, ankawombera mu gelatin, phala lolimba lofanana ndi mnofu, ndipo anapeza kuti chipolopolo chamtima wachitsulo cha AK-47 chimayenda masentimita pafupifupi 26 chisanayambe kutembenuzika. Ntchafu zambiri sizifika pamenepo, ndiye chimatha kutuluka chisanachite ukali wake, bala n'kukhala ngati la pisitolo. Koma chikangogunda fupa, basi zasintha: chimapindika kapena kusweka, zidutswa za fupa nazo n'kumwazika ngati tizipolopolo tina, kudula mitsempha ya magazi ndi minyewa. Zilipo zipolopolo zina zopangidwa dala kuti zizitambasuka zikalowa m'thupi. Zimenezi analetsa kuzigwiritsa ntchito pankhondo pa msonkhano wa mayiko umene unachitikira mumzinda wa The Hague, ku Netherlands, mu 1899.

Za zovala, ndikugwiritsani mwala. Jinzi kapena jekete siziimitsa chipolopolo, ndipo nthawi zina zimawonjezera vuto. Mu 2013 ofufuza ena anakwirira mafupa a ntchafu za agwape mu gelatin, pena n'kuika nsalu ya jinzi pamwamba pa gelatinyo. Pamene panali nsalu, chipolopolo chinkatembenuzika msanga, mphako ija inkakula, ndipo mafupa ankathyoka kawirikawiri. Pa zipolopolo zobowoka kumutu zimachitika mosiyana: ulusi umatha kutseka kabowoko, chipolopolo n'kulephera kutambasuka, n'kulowa mozama kwambiri.

Koma chimene ine ndimachiopa kwambiri ndi uve. Anthu ambiri amakhulupirira kuti chipolopolo chimatentha moti chimapha majeremusi onse. Si zoona. Chimadula kansalu n'kulowa nako, ndipo mphako ija ikamatseguka imayamwa ulusi, fumbi ndi tizilombo ta pakhungu. Dokotala akatsegula bala lotere amatha kutola ndi kopanira kachidutswa ka thalauza kofanana ndi chikhadabo, kakuda bii, katakanirira mumnofu wakufa patali ndi pamene chipolopolo chinalowera. Pa X-ray sikaoneka n'komwe. Pankhondo yoyamba yapadziko lonse, asilikali a m'maenje a ku France ndi Belgium ankavala mayunifomu odzaza matope a m'minda yothira manyowa, ndipo ambiri anataya miyendo, ena moyo, chifukwa cha kuwola kwa mnofu kumene madokotala amati gas gangrene.

N'chifukwa chake bala lalikulu la mfuti sasoka tsiku lomwelo. Amachotsa mnofu wakufa ndi zinyalala, amatsuka, amapereka mankhwala opha majeremusi ndi jekeseni wa kafumbata, n'kulisiya lotsegula masiku 4 kapena 5. Inu ngati namwino, diso lanu likhale pa katumba kapena mkono umene ukutupa n'kulimba gwaa, wodwala n'kumalira ululu wosagwirizana ndi kukula kwa balalo. Kutupako kumafinya mitsempha, ndipo pakapita maola ochepa osang'amba kuti mnofu upume, chiwalo chimafa. Mukaona zimenezo musadikire kuti phazi lizizire kaye, itanani adokotala nthawi yomweyo.