Kwa achimwene a Sienta amene akufuna kulowa rale yodutsa maiko

Achimwene, funso lanu ndaliona dzulo usiku koma netiweki kuno inali yovuta ndiye ndati ndiyankhe lero nditakhala pansi. Mwati munaona magalimoto omatamata zomata ku Monkey Bay, anthu ake atavala zachilendo ngati gule, ndiye mukufunsa ngati inu ndi anzanu atatu mungalowe nawo zoterezi pa Sienta yanu komanso chimafunika ndi chani. Ine ndinayendapo mu July 2023 ndiye ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso angawa.

Amene munawaonawo mwina ndi a Put Foot Rally, imene inayamba 2011, amanyamukira ku Cape Town kudutsa Namibia, Zambia, kuno kwathu mpaka Mozambique, ndipo panjira amagawa nsapato za sukulu kwa ana. Si mpikisano wa liwiro ayi, palibe amene amapatsidwa chikho poti wafika koyamba, timu iliyonse imasankha njira yake bola ikafike pamalo okumanirana tsiku lomwe anagwirizana, ndiye pamalopo pamakhala phwando la mutu wake, aliyense kuvala mogwirizana ndi mutuwo. Musasokoneze ndi Dakar, ija inayamba kumapeto kwa 1978 kuchokera ku Paris ndipo kuyambira 2020 ikuchitikira ku Saudi Arabia, imeneyo ndi ya akatswiri ndi makampani a ndalama zawo. Yofanana ndi maganizo anu ndi Mongol Rally, yoyamba 2004, imene amachita kukakamiza kuti galimoto ikhale ya injini yaing'ono. Ndiye za Sienta musade nazo nkhawa kwambiri, anthu adutsa theka la dziko pa timagalimoto tochepa kuposa pamenepo.

Ife sitinalowe ya azunguyo chifukwa yolowera amalipira ndalama zakunja, komanso kuti mukayambe nawo muyenera kukafika kaye ku Cape Town, ulendo wina pawokha. Tinapanga yathu, magalimoto asanu ndi imodzi, ena a ku Zomba ena a ku Blantyre, ife a Mangochi tinali pa Probox anthu anayi. Njira inali Liwonde, Zalewa, kutulukira pa Mwanza kulowa Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Bulawayo, Plumtree, Francistown, Nata, Kasane, kuwoloka mlatho wa Kazungula umene anatsegula mu May 2021, Livingstone, Lusaka, Chipata, kulowera pa Mchinji, kutsika Khwekhwerere pa Golomoti mpaka kunyumba. Maiko asanu kuphatikiza lathu, makilomita opitilira 3,000, masiku khumi ndi awiri.

Tsopano chimene ndikufuna mumve ndi ichi, galimoto ndi nkhani yaying'ono, nkhani yaikulu ndi anthu atatu amene mukhale nawo m'kabokosi kameneko kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, tsiku ndi tsiku. Probox yathu ulendo onse inangophulika tayala kamodzi basi. Koma timu ina mwa zisanu ndi imodzizo inathera pa Bulawayo galimoto ili bwinobwino, injini ikulira ngati yatsopano. Chinachitika ndi choti ananyamuka asanagwirizane za ndalama, wina ankati mafuta ndi a mwini galimoto poti ife tikumuthandiza kuyendetsa, mwini galimoto ankati ine ndapereka kale galimoto ndiye mafuta ndi anu, pofika pa Harare anali atasiya kuyankhulana, wina akudya chipisi payekha kumbuyo uko. Awiri anakwera basi kubwerera. Anthu oti anaphunzira limodzi kuyambira pulayimale, mpaka lero sapatsana moni wabwino, ndipo zimandiwawa chifukwa onsewo ndi anthu abwino.

Ife chinatipulumutsa ndi mlamu wanga wamkazi amene amagulitsa nsomba, munthu wozolowera kuwerengera khobidi lililonse. Iyeyu anakana kukwera mpaka titakhala pansi pakhonde ndi kope la sukulu. Tinalemba kuti thumba ndi limodzi, aliyense aponya zofanana tisananyamuke, mafuta, zolipira pa boda, malo ogona ndi chakudya chamadzulo zichokera m'menemo, koma mowa, mayunitsi ndi mphatso za kunyumba aliyense za m'thumba mwake. Mwini Probox tinamuchotsera gawo lina poti matayala ndi mashoko akutha ndi ake, ndipo tinalemberatu kuti chikawonongeka panjira tigawana anayi, chindapusa cha liwiro alipira amene ali pa chiwongolero. Madzulo aliwonse ankatsegula kope lija pa boneti, kuwerenga malisiti mokweza tonse tikumva, kenako kunena zatsala zingati. Masiku oyamba zinkaoneka ngati zochulutsa koma ndi mphindi khumi zimenezo zimene zinapangitsa kuti tibwere tikuseka.

Gawananinso ntchito. Oyendetsa akhale osachepera awiri a laisensi yeniyeni, osati uja amati ndimatha koma pepala ndilibe. Wina wa kope, wina wodziwako sipanala, wina woyang'ana njira. Ife woyang'ana njira tinkamutcha siginala, ngati uja amakhala pa bwato la nyali usiku kuitana usipa, poti mutu wathu unali wa usodzi.

Za mutuzi anthu amaziona ngati zachibwana koma ine ndinasintha maganizo. Lamulo lathu linali loti timu iliyonse ivale ntchito ya kwawo, a ku Zomba anali ophika kondowole ndi zipewa zawo, ena anali akabaza, ife asodzi. Tinamanga nkhafi ziwiri padenga, chidutswa cha ukonde wakale pambuyo, nyali yagalasi yopanda mafuta ikulendewera, m'mbali tinalemba ndi penti yoyera kuti CHILIMIRA, MANGOCHI. Pa Harare titaima kuthira mafuta kunabwera bambo wina wachikulire, tsitsi lonse mbuu, atanyamula kajumbo ka buledi. Anaima kutsogolo kwa galimoto nthawi yaitali akuwerenga zilembo zija, kenako anagwira nkhafi ija ndi dzanja n'kuyamba kuyankhula Chiyao chosakanikira ndi Chishona. Anati bambo awo anachoka cha ku Makanjira nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963 paja, kukagwira ntchito m'mafamu, n'kutchona konko, iwowo nyanja sanaionepo koma bambo awo ankaifotokoza mpaka tsiku lomwalira. Mlamu wanga anatsegula chikwama n'kuwapatsa usipa wouma wodzadza manja awiri, anaununkhiza kaye asanauike m'jumbo, maso ali jenjenje. Tikanakhala pa Probox yoyera wamba akanangotidutsa. Ndiye sankhani mutu wa kwanu weniweni, chinthu choti munthu akafunsa muli ndi nkhani yomuuza, osati kungogula mawigi pa msika. Chokhacho pewani chilichonse chooneka ngati yunifolomu ya asilikali kapena apolisi, nsalu za mawangamawanga zija ku Zimbabwe ndi ku Zambia munthu wamba saloledwa kuvala, ndipo pofika pa boda vulani zipewa ndi zophimba kumaso mulowe ngati anthu.

Mapepala tsopano, apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Bulubuku ya Probox inali m'dzina la amalume a mnzathu mwini galimoto uja, galimoto anagula koma sanasinthe dzina. Pa boda ina anatifunsa kalata yochokera kwa mwini dzina yotiloleza kutulutsa galimoto, tinalibe, ndipo olakwa tinali ife, bwanayo amangogwira ntchito yake. Tinakhala pamenepo kuyambira 9 koloko mpaka cha m'ma 3 dzuwa likuswa mtengo, kudikira amalume apite kwa wolumbiritsa akadinditse kalata aitumize pa WhatsApp, ife tikaisindikize pa kashopu. Magalimoto ena asanu aja anatidikira, palibe anadandaula mokweza koma tsiku linatha. Ndiye onani dzina la pa bulubuku lero lomwe, ngati si lanu kapena galimoto ndi ya ngongole ya ku banki pezani kalata yodinda. Muyeneranso kalata ya apolisi ya Interpol yosonyeza kuti galimoto si yakuba, pepala la MRA lotulutsira galimoto mongoyembekezera, ndipo dziko lililonse mukalowa amakupatsani TIP, chilolezo cholowetsera galimoto kwa masiku owerengeka, chimenecho musachitaye chifukwa potuluka amachifuna. Mapasipoti onani kuti atsala ndi miyezi yoposa sikisi, viza m'maiko ndatchulawa ife a Malawi sitifunika pa ulendo waufupi.

Inshuwalansi gulani COMESA Yellow Card konkuno ku kampani yanu, imagwira ku Zambia ndi Zimbabwe, ngakhale Tanzania mukafuna kulowera ku Songwe. Koma Mozambique sali mu COMESA ndiye pa Zobue kapena pa Mandimba mukangodutsa Chiponde mugula yawo, Botswana nayo ili ndi zolipira zake za msewu pa boda. Zambia ndi Zimbabwe kuli msonkho wa utsi uja amati carbon tax, kuphatikiza ma tollgate m'njira. Anyamata osintha ndalama ndi othandiza mapepala adzakuzungulirani musanatsike n'komwe, ena ndi achilungamo koma pasipoti ndi bulubuku zisachoke m'manja mwanu, pitani nokha pa windo ndipo chilichonse mwalipira tengani lisiti. M'galimoto mukhale ma triangle awiri, chozimitsira moto chosapitilira masiku, majekete owala aja, ndi timapepala tonyezimira toyera kutsogolo tofiira kumbuyo, apolisi a pamsewu ku Zambia ndi Zimbabwe amayang'ana zimenezo. Chabwino n'choti maiko onsewa amayendera kumanzere ngati ife.

Ndalama zake sinditchula chifukwa ife tinayenda kwacha isanagwe ndi 44% mu November 2023, zimene tinawononga nthawi imeneyo zingokusokonezani. Chovuta chenicheni ndi kupeza ndalama zakunja, mukudziwa mmene zilili m'mabanki, ndiye yambani miyezi ingapo ulendo usanafike. Madola a America ang'onoang'ono ndi amene amathandiza makamaka ku Zimbabwe, onjezani ma rand pang'ono, meticais ndi pula musinthe zongokwanira. Khadi ya ku banki musaidalire yokha, ya mnzathu inakana pa Francistown popanda chifukwa chomveka. Ndipo gawo lina la thumba, ife tinapatula limodzi mwa magawo asanu, likhale losakhudza, la tsoka basi.

Sienta yanu vuto lake ndi kufupika pansi, anthu anayi ndi katundu imakhala ngati yagwada. Njira ndatchulayi ndi ya tala yonse koma zigawo zina maenje ake ndi oopsa, makamaka mbali ya Tete ndi malo ena pa Great East Road, ndiye chepetsani katundu, chikwama chimodzi munthu. Sipeya tengani awiri ndipo akhale matayala enieni osati kabisiketi kaja, jeke yabwino, pampu, fanibeluti, oyilo, madzi a malita makumi awiri. Pitani nayo kwa makaniko masabata awiri ulendo usanafike osati dzulo lake, kuti chimene wakonza muchiyese kaye. Ngati ndi ya otomatiki ija ya CVT samalani oyilo wa giyabokosi, pokwera mapiri a ku Luangwa imatentha mukaikakamiza.

Usiku musayende, ichi ndikupemphani ndithu. Kuchoka Nata kupita Kasane ndi makilomita pafupifupi 300 ndipo njovu zimangodutsa pamsewu, ife tinaima katatu masana dzuwa lili pamutu, ina inaima pakati pa tala ikutiyang'ana makutu ali tambasu, tinazimitsa wailesi aliyense ali chete mpaka inasuntha yokha. Usiku chinthu chimenecho simuchiona mpaka mutachigunda. Thirani fulu pa Nata. Ku Botswana komweko kuli mageti a zaziweto oletsa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amakutsitsani kuti muponde mankhwala ndi nsapato zonse, nyama yaiwisi amalanda, ndiye musagule yambiri yowotcha kutsogolo. Lusaka kufika Chipata ndi pafupifupi 570, nyamukani mbandakucha, ndipo mukangofika chigawo chimenecho mumva Chinyanja paliponse mtima umakhala pansi ngati mwafika kale.

June ndi July ndi nthawi yabwino poti kulibe mvula, koma ife a kunyanja kuzizira sitikudziwa, pa Bulawayo m'mawa zala zinkakanika kumanga zingwe za nkhafi. Tengani majuzi ndi mabulangete enieni. Za mphatso ngati mukufuna kuthandiza sukulu ina panjira, lumikizanani ndi ahedi ake musananyamuke akuuzeni chimene chikusowa, zoponya maswiti pawindo zija ana amathamangira pamsewu, musachite.

Musanawononge ndalama zambiri yesani kaye ulendo waung'ono anayi nomwe, ndi katundu yense ndi zovala zanu za mutuwo. Wolokani mlatho wa Bakili Muluzi, kwerani Chowe kudutsa Namwera mpaka Chiponde, lowani Mandimba mugone usiku umodzi mubwere mawa lake. Phiri la Chowe likuuzani ngati Sienta ikutentha, pa boda muphunzira TIP ndi inshuwalansi ya Mozambique muli pafupi ndi kwanu, ndipo muona amene amachedwa kudzuka, amene amakwiya akamva njala ndi amene dzanja limalemera pa nthawi yoponya. Mukabwerako ndipezeni inbox, Loweruka ndimakhala pa boma la Mangochi cha pa wotchi paja, mubwere ndi bulubuku ndi anzanu atatuwo, kope la mlamu wanga lija ndikadali nalo mudzaone mmene tinalembera.