Achemwali, za mawondo a alamu zija

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva uthenga wanu uja, woti alamu chichokereni ku Dar es Salaam, kumene anadwala chikungunya, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu aja, malungo anatha koma akakolo, mawondo ndi zala zikuwapwetekabe, ndiye mnzawo wawauza za mankhwala a ku India aja a Ayurveda.

Musade nkhawa kwambiri. Matenda amenewa ndi mmene amachitira, kachilombo kamatha koma ululu wa m'molumikizana mafupa umatha kutsala miyezi, kwa ena mpaka kupitirira chaka. Mnzawoyo sananame, amwenye amawadziwa bwino matendawa. Anawavuta kwambiri mu 2006, ndipo kumadera ngati Kerala anthu ambiri amadalira asing'anga a Ayurveda. Boma lawo linakhazikitsa ngakhale unduna woyang'anira mankhwala amtunduwu mu 2014.

Zambiri zimene amachita ndi zoti inunso mutha kuchita pakhomopo. Amatenthetsa pang'ono mafuta a chitowe n'kutikita mofatsa pamene pakupweteka, kenako amathowa ndi kansalu ka madzi ofunda. Komatu ngati bondo latupa ndipo likutentha, musalithowe ayi, lisiyeni. Amathiranso jinja ndi turmeric (ufa wachikasu uja) m'zakudya kapena mu mkaka wofunda. Wa m'ndiwo alibe vuto. Ndipo alamu asamangogona pamkeka tsiku lonse, aziyendako pang'ono m'mawa, aziwongola zala. Ndikuwadziwa, adzati galimoto yawatopetsa kale, koma muziwadzutsa.

Pamene ndikukana ndi pa mabotolo a mapiritsi ndi ufa ogula pa intaneti kapena kwa munthu wongoyenda nawo m'chikwama. Mu 2008 ku America anayeza mankhwala a Ayurveda ogulidwa pa intaneti, anapeza kuti pafupifupi limodzi mwa asanu aliwonse linali ndi mtovu, mercury kapena arsenic, zomwe ndi poizoni m'thupi. Palinso wina wotchedwa giloy, ena amati guduchi, amene amawapatsa kwambiri anthu ochira malungo. Nthawi ya Covid madokotala a ku India komweko anaona odwala ena amene chiwindi chawo chinavulala atamwa ameneyo. Ndiye alamu, poti Loweruka samakana kamowa, ameneyo ayi ndithu.

Pa ululu amwe Panado monga anawauzira kuchipatala. Brufen ayambe afunsa adokotala, si mumati amadandaula zilonda za m'mimba? Ngati m'mawa zala zikumauma nthawi yaitali, kapena kutupa sikukuchoka pofika miyezi itatu, abwerere kuchipatala akawayeze nyamakazi, pali mankhwala ake. Botolo la mnzawolo, ngati awapatsa kale, mulijambule mbali zonse munditumizire asanayambe kumwa. Mupereke moni kwa ana.