Aja mukuti amangogundana aja, tamvani za Aaron Donald

Achimwene, funso lanu ndaliona m'mawa koma ndimafuna ndipeze nthawi ndikuyankheni bwinobwino. Mwafunsa kuti pa mpira wa ku America uja, zimphona zimaima kutsogolo zija zimangogundana ngati nkhosa, mpira osaugwira, osathamanga nawo, nde ntchito yawo ndi chani ndipo amalandiliranji ndalama zambiri chonchija. Ambiri akamayamba kuonera gemu imeneyi maso amakhala pa amene waponya mpira ndi amene wauwakha, pomwe nkhondo yeniyeni ili pa mzere paja. Ndikuuzani za munthu mmodzi amene anandipangitsa kuti ndizisiya kutsatira mpira nkumaona pakati pa mzere, dzina lake Aaron Donald, nambala 99 wa timu ya Rams.

Poyamba mudziwe kaye mmene gemuyi imayendera. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti iyende mayadi 10, apo ndi mamita 9 ndi pang'ono, ikakwanitsa amaipatsanso mipata ina inayi, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Amene amatsogolera zonse ndi quarterback, woponya mpira uja, ndipo iyeyu amatetezedwa ndi anthu asanu akuluakulu, ambiri mwa iwo amadutsa makilo 140. Moyang'anizana nawo ndi pamene pamaima atatu kapena anayi aja mukufunsa, defensive line. Ntchito yawo ili pawiri, kutseka mipata kuti wothamanga ndi mpira asadutse, komanso kuboola khoma lija nkukafika pa quarterback asanaponye. Akamugwetsa mpira uli m'manja amati sack. Nde vuto ndi loti quarterback wabwino mpira amautulutsa pasanathe masekondi atatu, ndiye kuti iwe m'masekondi osakwana atatu ukhale utamudutsa munthu wa makilo 140 amene wauzidwa kuti ntchito yake lero ndi iweyo basi, ndipo uchite zimenezi ka 50 kapena kuposa pa gemu imodzi. Ndi ntchito imeneyo.

Donald anabadwa pa 23 May 1991 ku Pittsburgh, mu Pennsylvania, mzinda wodziwika ndi mafakitale a zitsulo. Iye mwini amanena kuti ali mwana anali wonenepa komanso waulesi, ntchito za pakhomo amazizemba. Bambo ake a Archie Donald anali munthu wonyamula zitsulo, nde ali ndi zaka 12 anayamba kumulowetsa mu kachipinda ka pansi pa nyumba yawo kamene anaikamo zitsulo, ndipo pofika ku sekondale anthu awiriwa ankadzuka cha m'ma 4:30 m'bandakucha kukanyamula asanapite ku sukulu. Ka jimu ka pansi pa nyumba kameneko sanakasiye, olo atalemera ankabwerera kwawo ku Pittsburgh nthawi ya tchuthi nkumakalowamo. Mkulu wake naye anasewerako mpira omwewu ku koleji ya Toledo.

Chimene chinamuvutitsa moyo wake onse ndi msinkhu. Kwa ife munthu wotalika mamita 1.85 wolemera pafupifupi makilo 130 ndi chimphona, akalowa mu minibasi mpando onse ndi wake, koma pa malo amene iye ankasewera, defensive tackle, pakati penipeni pa mzere, amenewo ndi ochepa thupi. Atamaliza ku Penn Hills High School makoleji akuluakulu a mpirawu sanalimbane naye, anakalowa pa University of Pittsburgh, pakhomo pomwepo, mu 2010. Chaka chake chomaliza, 2013, anasesa mphoto zinayi zikuluzikulu, Outland, Lombardi, Nagurski ndi Bednarik, komabe anthu osankha osewera ankangoti eeh koma ndi wamfupi, ku NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, akamukankha ngati wilibala. Pa mayeso amene amawayesa asanawasankhe, amati combine, mu 2014 anathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.68, tangoganizani munthu wa makilo 129, ndipo chitsulo cha makilo 102 anachikankha chogona ka 35. Ndi zonsezo, itafika nthawi imene matimu amasankha osewera atsopano mosinthanasinthana, anamudumphabe mpakana pa nambala 13. Olo Rams imene inamutengayo, nthawi imeneyo ili ku St. Louis, inali ndi mwayi wosankha pa nambala 2 koma inayamba yatenga munthu wina, Greg Robinson, Donald inadzamutenga kachiwiri.

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Ufupi omwe ankamunyozera uja ndi umene anaupanga chida. Pa mzere paja amene ali pansi ndi amene amapambana, amene munayamba mwagwetsanapo pa mchenga muli ana mukudziwa kuti ukamulowa mnzako kunsi kwa chifuwa olo akhale wamkulu bwanji miyendo yake imatha mphamvu. Donald ankalowa kunsi kwa anthu otalika aja nkuwadzutsa, kenako nkuwabweza chafutambuyo mpaka pa miyendo ya quarterback wawo. Koma chachikulu kwambiri chinali manja ndi phazi loyamba. Mpira ukangosuntha iye amakhala wanyamuka kale, wotchinga uja akamati atambasule manja kuti amugwire pa chifuwa, iye amawamenya manja aja kuwagwetsa pansi, dzanja lina nkudutsa pamwamba pa phewa kapena kunsi kwa khwapa, basi wapita. Zonsezi zimachitika mwachangu moti pa TV mumangoona ngati agundana, mpaka aonetsenso pang'onopang'ono ndi pamene mumaona kuti pachitika zinthu zitatu kapena zinayi. Kuli kavidiyo kanatchuka mu 2018 akupanga ma training, womuphunzitsa akumubaya ndi mipeni ya pulasitiki iye akuphera ndi manja, anthu anaseka koma cholinga chinali chomwecho, kuti manja azifulumira kuposa maso.

Malo amene ankakonda kuima amati three technique, kutanthauza kuti waima molunjika phewa la kunja la wotchinga amene amati guard. Pamenepo ndi pafupi kwambiri ndi quarterback, njira yake ndi yachidule, koma ndi pothithikana, nkosavuta kuti anthu awiri akutsekere limodzi. Nde apa ndi pamene ndikufuna mumvetse achimwene, chifukwa yankho la funso lanu la ndalama lili pamenepa. Matimu ambiri sankayerekeza kumusiyira munthu mmodzi, ankamuikira awiri, pena atatu. Otchinga alipo asanu okha. Awiri akapita kwa Donald ndiye kuti anzake ena atsala mmodzi kwa mmodzi, wina wapeza mpata, sack walemba ndi wina koma amene wayipanga ndi iye. Pali ma gemu amene mukaona pa mapepala dzina lake lilibe kanthu, chonsecho timu inayo sabata yonse makochi ake sanagone kukonza mapulani a munthu mmodzi, mpira akuuponya mothamanga asanakonzeke, akuthawira mbali imene iye kulibe. Zimenezo sizilembedwa paliponse koma eni matimu amaziona ndipo ndi zimene amalipira.

Chaka chake choyamba anapanga ma sack 9 nkutenga mphoto ya wosewera wabwino mwa atsopano ku defense, mbali ija imalimbana ndi timu imene ili ndi mpira. Timuyo inasamukira ku Los Angeles mu 2016. Mphoto ya Defensive Player of the Year, ya wosewera wa defense woposa onse pa chaka, anaitenga katatu, 2017, 2018 ndi 2020, ndipo amene anali atachitapo zimenezi ndi awiri okha, Lawrence Taylor ndi J.J. Watt. Mu 2018 anapanga ma sack 20.5, ka theka ako kamabwera mukamugwetsa muli awiri, ndipo palibe defensive tackle anafikapo pamenepo mu sizoni imodzi. Nambala ngati zimenezi nthawi zambiri zimakhala za osewera a m'mphepete amene ali ndi malo othamangira, iye anazipanga ali pakati pa chigulu.

Za ndalama tsopano. Ku NFL ukangolowa kontilakiti yako yoyamba imakhala yoikidwiratu malinga ndi nambala imene anakusankhira, olo usewere bwanji. Nde Donald anapezeka kuti ndi katswiri woposa onse pa malo ake koma akulandira zochepa kuyerekeza ndi anthu amene ankawaposa kutali. Mu 2017 anakana kupita ku kampu ya timu mpaka gemu yoyamba inamudutsa, 2018 anakananso, anthu ena ankamunena kuti ndi wadyera. Ine ndimaona kuti analondola. Ku ligi imeneyi ndalama zolembedwa pa kontilakiti sizikhala zako zonse, zako ndi zokhazo zimene alonjeza kuti azipereka olo uvulale, zinazo akhoza kukuchotsa mawa nkuthera pomwepo, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mapeto ake kumapeto kwa August 2018 anasaina ya zaka 6, madola 135 miliyoni, pamenepo 87 miliyoni yotsimikizika, nkukhala wosewera wa defense wolipidwa kwambiri m'mbiri ya ligi pa nthawiyo, ngakhale zinangotenga tsiku limodzi Khalil Mack nkumudutsa atapita ku Chicago. Mu 2022 anamukonzeranso, madola 95 miliyoni pa zaka zitatu.

Koma musaone ngati onse amadya chonchi. Ambiri amene amalowa mu NFL satha zaka zinayi, amavulala kapena kuchotsedwa ali ndi zaka 25, 26, mawondo atatha kale, zala zopindika, msana ukuwawa. Ndipo anthu a pa mzerewa mitu yawo imagundana pa mpata uliwonse, kugunda kwa pang'onopang'ono koma kosalekeza, komwe madokotala amakuganizira kwambiri pa nthenda ya ubongo ija amati CTE. Mu 2017 ofufuza a ku Boston University atayeza ubongo wa osewera akale a NFL 111 amene anamwalira, 110 anawapeza nayo. Zoona, maubongo amenewo anaperekedwa ndi mabanja amene ankaona kale kuti m'bale wawo sali bwino, komabe nambala imeneyo imandiopsa ine. Ndikamaona ndalama zija ndimakumbukiranso zimenezi.

Donald nayenso zinamukhudza. Mu January 2021 anavulala nthiti pa gemu ya Seattle, sabata yotsatira anakakamira kusewera ku Green Bay kozizira kuja, akupuma movutika, timu inaluza 32-18 ndipo makamera anamujambula akulira pambali pa bwalo. Apo nkuti ataluzanso kale Super Bowl, fainolo ya ligi yonse, mu February 2019 kwa New England Patriots, 13-3. Munthu anali ndi mphoto zonse za payekha koma chikho analibe, ndipo zinkaoneka kuti zikumudya mumtima.

Nde inafika 13 February 2022, Super Bowl pa SoFi Stadium, bwalo lawo lomwe, akumenyana ndi Cincinnati Bengals. Kuno kwathu gemu imeneyi imayamba cha m'ma 1:30 usiku, ine ndinakhala maso mpakana kunja kuyera. Rams inali patsogolo 23-20, nthawi yatsala yosakwana mphindi imodzi, Bengals ili pakati pa bwalo ikufuna yadi imodzi yokha kuti ipitirize, ndipo akanangoyenda pang'ono akanamenya mpira ndi phazi kulowetsa pa golo, ya mapointi atatu, nkufananitsa. Mpata wachitatu anapatsa Samaje Perine kuti athamange nawo, Donald anamugwira nkumukokera m'mbuyo, yadi ija osaipeza. Mpata wachinayi, womaliza, quarterback wawo Joe Burrow anati aponye, Donald anamudutsa guard ngati palibe munthu, nkumugwira Burrow m'chiuno nkumuzunguza, mpira unangotayidwa nkugwera pansi. Gemu inathera pomwepo. Anadzuka akuthamanga, wavula chipewa, akuloza chala chovala mphete, chifukwa opambana Super Bowl amapatsidwa mphete. Mpata womaliza uja pa mapepala sunalembedwe ngati sack nkomwe, ndipo mphoto ya wosewera bwino pa tsikulo inapita kwa Cooper Kupp wowakha mipira, amene anaseweradi bwino, koma ine mpaka lero ndimati inali ya Donald.

Anasewera ma sizoni ena awiri, 2022 kakolo kanamuvuta anaphonya ma gemu omaliza, ndipo chaka chomwecho pa ma training ophatikizana ndi Bengals anajambulidwa pa ndewu akuzunguza zipewa za anzake, chimene chija chinali cholakwika ndipo akanatha kuvulaza munthu. Pa 15 March 2024 analengeza kuti wasiya, ali ndi zaka 32 zokha, akadali mmodzi mwa oopsa mu ligi. Zaka 10 timu imodzi, ma sack 111, kusankhidwa ku Pro Bowl, gulu la akatswiri a mu ligi, chaka chilichonse ka 10. Digiri yake ya ku Pittsburgh anabwerera kukaimaliza mu 2020 ali kale miliyoneya, ndipo anapereka madola osachepera miliyoni imodzi ku koleji yakeyo moti malo opangira ma training a timu ya kumeneko ali ndi dzina lake.

Sizoni imayamba September. Mukadzapeza gemu, yesani kwa mphindi khumi zokha osatsatira mpira, musankhe munthu mmodzi wa pakati pa mzere muziona manja ake ndi phazi lake loyamba, komanso muwerenge kuti amuikira anthu angati. Kapena lowani pa YouTube musake mpata womaliza wa Super Bowl ya 2022 ija, muuonere kawiri, kachiwiriko maso pa 99.