Za mtsikana wotchinga kumbuyo amene akuitanidwa kunja

Achimwene a ku Ulongwe, mwafunsa ngati mulole mlongo wanu wa zaka 17, wosewera mpira kumbuyo, kuti apite ku Portugal ndi bambo amene akufuna ndalama za ulendo patsogolo. Ine ndikuti ndalamazo musapereke.

Malamulo a FIFA salola wosewera kusamukira ku timu ya dziko lina asanakwane zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo akasamuka pa nkhani yosakhudza mpira. Akakwanitsa zakazo, timu yatsopanoyo imapempha chikalata cha ITC, chololeza wosewera kusamukira ku timu ya dziko lina, kudzera ku mabungwe a mpira, kwathu kuno FMF, bungwe loyendetsa mpira m'Mozambique, ku Maputo. Timu yoona imalemba kalata yokhala ndi dzina lake, ndipo nthawi zambiri tikiti imagula yokha. Bamboyo akuonetseni laisensi yake ya FIFA yomulola kupezera osewera matimu. Kwathu ku Tsangano wina anagulitsa ng'ombe ziwiri ndi matumba a mbatata chifukwa cha malonjezo otere, mwana anangothera pa depoti ku Tete, foni ya mkuluyo itazima.

Komanso wotchinga kumbuyo saoneka msanga. Tabitha Chawinga wa ku Malawi anapita ku Sweden, kenako China, Italy ndi France, koma iye ndi womwetsa zigoli, ndipo zigoli zimadzilankhulira zokha. Mlongo wanuyu akufunika mavidiyo a masewero athunthu, anthu aone mmene amaimira, kulumpha ndi mutu, ndi kupatsira mpira akapanikizidwa. Ayambe walowa timu ya dziko, asewere COSAFA, mpikisano wa mayiko a kummwera kwa Africa. Chipwitikizi aphunzire bwino kusukulu, kontirakiti adzawerenge yekha.